Zimene Ndinapeza Kuseri kwa Matumba Awiri a Chakudya cha Amphaka

Mphaka wathu, amene ana anam'patsa dzina loti Mawanga, anaswa m'mwezi wa Juni, nthawi imene kuno ku Dedza chisanu chimatsika m'phiri madzulo alionse n'kulowa m'nyumba kudzera kunsi kwa chitseko. Tinam'peza m'mawa kuseri kwa matumba a chimanga m'chipinda chosungiramo zokolola, atadzipinda pa chiguduli chakale, ana atatu ali pamimba pake. Aka kanali kachiwiri kuswa. Chaka chapitacho anaswa ana anayi, ndipo atangosiya kuyamwa tinayamba kuwapatsa zimene amawo ankadya masiku onse, ndiye kuti nsima yotsala yonyowetsa ndi msuzi, ndi mitu ya usipa ikapezeka. Awiri anafa asanakwanitse miyezi itatu, ndipo mmodzi mwa otsalawo ankayenda mokhwekhwereza miyendo yakumbuyo ngati wathyoka msana. Mlangizi wa ziweto amene anabwera kudzaona mbuzi zathu anam'nyamula, nam'sisita miyendo ndi chala, kenako anati: "Achimwene, mwana uyu sanalodzedwe ayi, mafupa ake alibe chomangira. Amake ali ndi thupi chifukwa cha mbewa ndi makoswe amene amagwira usiku, osati chifukwa cha nsima yanuyi."

Mawu amenewo anandikhala m'mutu chaka chonse, moti Mawanga ataswanso sindinafune kubwereza zomwezo. Pa boma pano chakudya chouma cha amphaka, chija cha timibulu chobwera m'matumba osindikizidwa, sichipezeka kawirikawiri, choncho ndinadikira tsiku limene ndinali ndi zochita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo ndinabwerako ndi matumba awiri ang'onoang'ono, limodzi la ana a mphaka, lina la amphaka aakulu. La ana ndinasankha lotsika mtengo kuposa onse amene anali pa shelefu, pomwe la aakulu linali la kampani ina, ndipo ndinalitenga chifukwa sabata imeneyo anali atalitsitsa mtengo. Amayi anga ataona matumbawo pa thebulo anagwira pakamwa. "Mwana wanga, mphaka mpaka kum'gulira chakudya cha m'sitolo ngati mwana wa sukulu yogonera konko?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, mukumbukire matumba a chimanga amene makoswe anaboola chaka chija tinalibe mphaka." Sanayankhe, koma sanavomerezenso.

Kumaso, matumba onse awiri anali okongola mofanana. Pa la ana panali kamphaka ka maso aakulu ndi chithunzi cha ntchafu ya nkhuku, pa la aakulu panali mphaka wonenepa bwino ndi ntchafu ya nkhuku yomweyo. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho ndinawatembenuza n'kuyamba kuwerenga tizilembo tating'ono ta kuseri. Kuseriko kuli zinthu ziwiri zosiyana zimene poyamba ndinkazisokoneza. Choyamba ndi manambala osonyeza kuchuluka kwa zomanga thupi, mafuta, chinyezi ndi michere ya m'thupi. Chachiwiri ndi mndandanda wa zinthu zimene anasakaniza popanga chakudyacho. Manambala amanena za kuchuluka, mndandanda umanena za kumene zachokera, ndipo mawu akuti "kitten" kapena "adult" olembedwa kumaso amalonjeza za manambala okha basi. Aliyense amene anawetapo nkhuku zachizungu akudziwa kale zimenezi, chifukwa sitata ya anapiye imakhala ndi zomanga thupi zambiri kuposa finisha, komabe tonse tinagulapo sitata yodzaza madeya imene anapiye anangokwinimbira nayo.

Ndiyambe ndi manambala, popeza ndi pamene kusiyana kwa mwana ndi wamkulu kumaonekera poyera. Bungwe la ku America lotchedwa AAFCO, limene miyeso yake makampani ambiri amaitsatira ngakhale kunja kwa dzikolo, limati chakudya cha mphaka amene akukula, amene ali ndi bere kapena amene akuyamwitsa chikhale ndi zomanga thupi zosachepera 30 peresenti, pomwe cha mphaka wamkulu zisachepere 26 peresenti. Kashiamu womanga mafupa asachepere 1.0 peresenti kwa wokula ndi 0.6 kwa wamkulu, fosifolasi asachepere 0.8 kwa wokula ndi 0.5 kwa wamkulu, ndipo mafuta asachepere 9 peresenti kwa onse awiri. Miyeso imeneyi amaiwerengera madzi onse atachotsedwa m'chakudya, choncho thumba likalemba zomanga thupi 30 peresenti ndi chinyezi 10 peresenti, nambala yoyerekeza ndi muyeso wa AAFCO ndi pafupifupi 33. Chifukwa cha kusiyanaku ndinachiona ndi maso anga pa sikelo ya kukhitchini imene mayi a kunyumba amayezera ufa wa mandasi. Mwana wa mphaka amabadwa akulemera magalamu pafupifupi 100, ndipo akamadya bwino amawonjezera magalamu ngati omwewo sabata iliyonse, moti pofika masabata 10 amakhala atayandikira kilogalamu imodzi. Pakutha chaka amakhala atafika makilogalamu 3 kapena 4. Mwana wa munthu pa chaka choyamba amawirikiza katatu kulemera kumene anabadwa nako, koma mwana wa mphaka amawirikiza maulendo oposa 30, ndipo zonsezi ayenera kuzitola m'kamimba kosaposa chala chachikulu. N'chifukwa chake pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake amafuna mphamvu zowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi wamkulu, ndipo chakudya chake chiyenera kukhala chothinana, chamafuta ambiri, choti pang'ono pokha papereke zambiri. Kamwana kathu ka chaka chatha kankakhuta nsima, koma kashiamu amene amake ankam'peza podya mbewa yonse ndi mafupa omwe, iko kanalibe pom'pezera.

Pa manambala thumba la ana linapambana la aakulu pa chilichonse, monga momwe linayenera kukhalira, ndipo ndikanaleka pomwepo ndikanagona mokhutira. Chimene chinandiletsa ndi kudziwa momwe nambala ya zomanga thupi imapezekera. Kumalo oyezera zakudya sawerenga nyama, amayeza kuchuluka kwa nayitirojeni, amene amapezeka m'zomanga thupi zonse, n'kuchulukitsa ndi 6.25. Nayitirojeni ameneyu angachokere ku nyama ya nkhuku, ku soya, ku zotsala za chimanga atachotsamo sitachi, ngakhalenso ku nthenga, ndipo nambala imatuluka yokwera chimodzimodzi. Mu 2007 amphaka ndi agalu ambiri ku America, komanso ziweto zina ku South Africa, anadwala impso ndi kufa chifukwa zina mwa zosakaniza zochokera ku China zinathiridwa mankhwala otchedwa melamine, amene ali ndi nayitirojeni wochuluka, n'cholinga choti zioneke ngati zili ndi zomanga thupi zambiri. Imeneyo inali nkhani ya chinyengo chenicheni, koma ngakhale popanda chinyengo chilichonse, nambala ya 34 yochokera ku chimanga ndi soya si yofanana ndi 34 yochokera ku nkhuku m'thupi la mphaka.

Apa ndi pamene ambiri a ife timalakwitsa, chifukwa timayeza mphaka ndi muyeso wa munthu kapena wa galu. Mwana wa munthu akanyentchera timam'patsa Likuni Phala, chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo amachira. Galu nayenso amatha kukhala zaka ndi zaka pa nsima ndi zotsala. Mphaka analengedwa mwina, thupi lake limayembekeza kulandira zinthu zina zopangidwa kale kuchokera m'nyama imene wagwira. Sangathe kusandutsa za m'masamba ndi m'maungu kukhala vitamini A monga timachitira ife, ayenera kum'peza m'chiwindi kapena m'zowonjezera. Pali mtundu wina wa mafuta umene umapezeka m'nyama umene thupi lake silitha kupanga wokwanira kuchokera ku mafuta a mbewu. Koposa zonse pali taurine, amene amapezeka m'mtima, m'nsomba ndi m'minofu ya nyama koma m'mbewu mulibe. Mphaka akasowa taurine kwa nthawi yaitali maso ake amawonongeka mpaka kuchita khungu, ndipo mtima wake umatambasuka n'kufooka. Za mtimazi anazitulukira Paul Pion ndi anzake a pa University of California ku Davis, amene mu 1987 anaonetsa kuti amphaka odwala mtima motero ankachira akapatsidwa taurine. Kuchokera pamenepo makampani anayamba kuwonjezera taurine m'zakudya za amphaka, ndipo matendawo anachepa kwambiri. Lero muyeso wa AAFCO wa chakudya chouma ndi 0.1 peresenti, kwa mwana ndi wamkulu yemwe. Ichi n'chifukwa chakenso chakudya cha agalu, ngakhale chimakhala chotsika mtengo ndiponso chosavuta kupeza, sichiyenera kukhala chakudya cha mphaka cha tsiku ndi tsiku. Akatswiri a ku Netherlands mu 2011 anawerengera zimene amphaka odzisakira okha amadya, ndipo anapeza kuti mphamvu zawo zimachokera ku zomanga thupi pafupifupi 52 peresenti, ku mafuta 46 peresenti, ndipo ku zakudya za mtundu wa sitachi 2 peresenti yokha. Mbewa imene anyamata amagulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu ndiyo chithunzi chenicheni cha chakudya cha mphaka, ndipo thumba lililonse tiyenera kuliyeza poona kuti latalikirana nayo motani.

Nditafika pa mndandanda wa zosakaniza, zinthu zinatembenuka. Zosakaniza amazilemba motsatana, kuyambira cholemera kwambiri mpaka chochepetsetsa. Thumba la ana, lija linapambana pa manambala, linayamba ndi mawu akuti "cereals", kutanthauza mbewu zosatchulidwa maina, kenako "meat and animal derivatives", ndiye kuti nyama ndi zochokera ku nyama popanda kunena kuti ndi nyama yanji, kenako zomanga thupi zochokera ku mbewu, ndipo chakumapeto kunali utoto. Thumba la aakulu, limene ndinangolitenga chifukwa cha kutsika mtengo, linayamba ndi ufa wa nyama ya nkhuku yowumitsa, kenako mpunga, chimanga, mafuta a nkhuku, ndipo taurine analembedwa ndi dzina lake. Kunena mosabisa, thumba la aakulu linali ndi zosakaniza zabwino kuposa la ana. Zinandikhumudwitsa, chifukwa ndinali ndi chikhulupiriro chakuti chilichonse chopangira ana chimakhala chapamwamba.

Mndandandawu uli ndi misampha iwiri imene ndinaiphunzira pambuyo pake, nditazolowera kuima nthawi yaitali pa shelefu ku Lilongwe mpaka alonda kuyamba kundiyang'anitsitsa. Msampha woyamba ndi wa madzi. Zosakaniza amaziyeza zisanaphikidwe, ndipo nyama yaiwisi ya nkhuku ndi madzi pafupifupi 70 peresenti. Thumba lingayambe ndi nkhuku yaiwisi, yooneka ngati ndiyo yochuluka, koma madzi akauma pophika imatsala yochepa kuposa chimanga chimene chalembedwa pachiwiri. Ufa wa nyama yowumitsa, umene pa thumba amaulemba kuti "chicken meal" kapena "poultry meal", dzina lake silikoma kumva, koma madzi anachokamo kale, choncho ukakhala poyamba ndiye kuti nyama ilimodi yambiri. Aliyense amene anayerekezapo dengu la usipa wauwisi ndi la wouma amvetsa msanga. Msampha wachiwiri ndi wogawa chinthu chimodzi m'maina angapo. Chimanga angachilembe katatu, monga chimanga, ufa wa chimanga, ndi gluteni wa chimanga, zija zotsala akachotsamo sitachi, ndipo chilichonse pachokha chimapepuka kuposa nyama n'kutsika pa mndandanda, pomwe mukaziphatikiza chimanga ndicho mwini thumba. Ine tsopano ndimawerenga zosakaniza zisanu zoyambirira pamodzi, n'kudzifunsa kuti zingati ndi za nyama ndipo zingati ndi za kumunda.

Pa mawu akuti "by-products" ndimasiyana maganizo ndi zambiri zimene ndinawerenga pa intaneti. Olemba ambiri a kunja amanyansidwa nawo, chifukwa amatanthauza zam'kati monga chiwindi, mtima, mapapo, impso ndi matumbo, ndipo pa nkhuku amaphatikizaponso makosi ndi zipalapasiro. Kwathu kuno zimenezi si zotaya. Pa chiwaya cha pamsika nthutumba ndi chiwindi ndizo zimayamba kutha, ndipo pakaphedwa mbuzi zam'kati zimapita kwa akuluakulu. Mphaka nayenso akagwira khoswe sasankha mnofu, amadya zonse, ndipo vitamini A ndi taurine amazipeza mochuluka m'chiwindi ndi m'mtima. Choncho vuto si zam'kati, vuto ndi kusatchula dzina. Thumba likanena kuti ndi zam'kati za nkhuku, ndikudziwa chimene ndikugula. Likangonena kuti zochokera ku nyama, kampaniyo ili ndi ufulu wosintha mwezi uno n'kuika china mwezi wamawa malinga ndi chimene chatsika mtengo, ndipo mimba ya kamwana ka masabata asanu ndi limodzi siikonda kusinthasintha kotere. Nambala ina yothandiza ndi ya phulusa, imene amailemba kuti "ash". Sikuti anathiramo phulusa la pamoto, ndi zimene zimatsala akawotcha chakudyacho poyeza, ndiye kuti michere. Ikakwera kwambiri nthawi zambiri zimasonyeza kuti ufa wa nyamawo unali ndi mafupa ambiri kuposa mnofu.

Wina angafunse kuti nanga mbewu zimalowamo bwanji m'chakudya cha nyama yodya nyama. Yankho lili m'kapangidwe ka timibuluto. Zosakaniza amazigaya, amazikanda ndi nthunzi, amazikankha mwamphamvu m'makina otentha kudzera m'timabowo, ndipo zikatuluka zimafufuma n'kudulidwa, mofanana ndi tofufuma ta chimanga timene ana amagula pa geti ya sukulu. Popanda sitachi kambulu sikangagwirane, choncho pafupifupi chakudya chilichonse cha timibulu chimakhala ndi sitachi, ngakhale chimene chalembedwa kuti mulibe mbewu, chifukwa m'malo mwake amaikamo nsawawa kapena mbatata ya kachewere ngati yathu ya ku Bembeke. Mphaka amatha kugaya sitachi wophikidwa bwino, choncho chimanga pachokha si poizoni. Funso ndi lakuti chilipo chochuluka bwanji, ndiponso ngati chikutenga malo a nyama. Timibulu tikauma amatiwaza mafuta ndi zokometsera zochokera ku nyama, ndipo fungo limenelo ndi limene limakopa mphaka, moti kudya mwaphuma si umboni wakuti chakudyacho ndi chabwino. Utoto wofiira ndi wobiriwira umene unali m'thumba langa la ana unali wokopa ine wogula, osati mphaka. Ngakhale shuga sakumudziwa, popeza akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa mu 2005 kuti lilime la mphaka silimva kutsekemera.

Pa mafuta pali chinthu chimodzi chimene chakudya chabwino cha ana chimakhala nacho chimene cha aakulu sichikakamizidwa kukhala nacho, ndicho mafuta a nsomba, amene ali ndi DHA wothandiza kukula kwa ubongo ndi maso. M'thumba langa loyamba la ana munalibe. Koma mafuta ndiwonso amayamba kuwonongeka, ndipo apa ndinapsa chala. Tsiku lina ndalama zitachepa ndinagula chakudya chopimidwa m'jumbo pa kasitolo kena ku Lilongwe, chopanda dzina, chopanda tsiku lothera ntchito, wogulitsa akulumbira kuti ndi cha ana a mphaka chochokera m'thumba lalikulu. Nditafika kunyumba n'kumasula, munatuluka fungo la mafuta a chipisi ogonera masiku atatu. Mawanga ananunkhiza, anapalasa pansi ndi mwendo ngati akukwirira chimbudzi, n'kuchoka. Ndinachikwirira kudzala. Chakudya chokhala ndi chimanga chambiri chikasungidwa ponyowa chimathanso kuchita chuku, yemwe uja timalimbana naye pa mtedza ndi chimanga chathu, ndipo poizoni wa chuku amawononga chiwindi cha ziweto monganso cha anthu. Kuno nthawi ya mvula ndi ya nkhungu zinthu zimanyowa zili m'nyumba, choncho chakudyacho ndimachisiya m'thumba lake lomwelo, ndimapinda kukamwa kwake, n'kuliika m'ndowa yokhala ndi chivindikiro. Zakudya zambiri za ziweto zimene timagula m'Malawi muno zimachokera ku South Africa, ndipo kumeneko lamulo la Act 36 la 1947 limafuna kuti zilembetsedwe, moti pa thumba pamakhala nambala yoyamba ndi chilembo V. Nambalayo siinena kuti chakudyacho ndi chapamwamba, koma imasonyeza kuti pali amene angafunsidwe, pomwe jumbo ija inalibe mwini.

Tsono ndinali ndi matumba awiri, lina la manambala oyenera koma zosakaniza zofooka, lina la zosakaniza zabwino koma lopangira amphaka aakulu, ndipo ana anali atafika masabata anayi, nthawi imene timano tawo timatuluka n'kuyamba kupweteka amawo. Ndinaganiza zowapatsa la aakulu lija, koma ndinabweza mtima poganizira za kashiamu ndi mphamvu, popeza kampaniyo inali isanalonjeze paliponse kuti chakudyacho n'chokwanira mphaka wokula. Thumba lokhalo la aakulu limene lingapatsidwe kwa ana mosakayika ndi lolembedwa kuti ndi la misinkhu yonse, chifukwa limenelo limayenera kukwaniritsa muyeso wa ana. Choncho ndinawayambitsa pa thumba lofooka lija, ndikuwonjezera pang'ono mitima ya nkhuku yowiritsa popanda mchere kapena anyezi, popeza anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Zowonjezerazo ndinkasamala kuti zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsiku, chifukwa mnofu wokha uli ndi fosifolasi wambiri ndi kashiamu wochepa, ndipo ukachuluka umabweretsa vuto la mafupa lomwe lija ndinkalithawa.

Tsiku loyamba ndinathira timibulu todzaza dzanja limodzi m'mbale yafulati, ndinathiramo madzi ofunda, n'kudikira mpaka titafewa ngati phala la mgaiwa. Kamwana kakuda kanalowamo ndi miyendo yonse yakutsogolo, kanayetsemula, kenako kanayamba kunyambita zala zake, ndipo pamenepo m'pamene kanazindikira kuti chimene chakamatira ndi chakudya. Kachiwiri kanangoyang'ana kwa masiku awiri. Kachitatu, kochepetsetsa pa onse, kankadya kakulira chapansipansi ngati wina akufuna kukalanda. Amayi anabwera ndi kapu ya mkaka wa ng'ombe mwa chifundo chawo, ndipo ndinawapempha mwaulemu kuti aumwe okha, chifukwa amphaka ambiri akasiya kuyamwa mkaka wa ng'ombe umawatsegula m'mimba. Madzi ofewetsera timibulu aja ndinkachepetsa sabata ndi sabata, ndipo pofika masabata asanu ndi atatu ankakukuta touma. Apa ndinaonanso phindu lina la chakudya cha ana, lakuti timibulu take timakhala tating'ono ndi tosalimba kwambiri, toyenera mano 26 a ubwana, amene amagweruka n'kulowedwa m'malo ndi mano 30 okhazikika pofika miyezi isanu ndi umodzi.

Ulendo wotsatira wa ku Lilongwe ndinagula thumba la ana loyamba ndi ufa wa nyama ya nkhuku, lokhala ndi mafuta a nsomba, lopanda utoto. Mtengo wake unandiwawa. Chichokereni mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo sindingauze munthu amene akuvutika kupeza feteleza kuti ayambe wagulira mphaka. Komabe ndinaona kuti mtengo wa thumba si mtengo wa tsiku. Pa thumba latsopanoli ana ankakhuta ndi timibulu tochepa, chimbudzi chawo chinachepa n'kulimba, kusonyeza kuti zambiri zinkatsalira m'thupi, ndipo ubweya umene unali woimirira ngati wa mwanapiye wodwala unagona n'kuyamba kunyezimira. Kwa amene ndalama zake zikukwanira thumba limodzi lokha labwino, ine ndinganene mosakayika kuti ligwere kwa ana, popeza m'mera mpoyamba, ndipo mafupa amene sanamangike m'miyezi yoyambirira nthawi zina samangikanso bwino pambuyo pake. Mphaka wamkulu amene amagona m'chipinda cha chimanga ali ndi kwina kokwaniritsira zimene thumba lake likuperewera, pomwe kamwana ka miyezi iwiri sikangagwire ngakhale chiwala.

Mawanga ankadya chakudya cha ana pamodzi nawo nthawi yonse imene ankayamwitsa, ndipo zimenezi n'zoyenera, chifukwa mphaka woyamwitsa amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu. Ana atasiya kuyamwa tinam'pititsa kwa dokotala wa ziweto kukam'tseka kuti asaswenso, ndipo apa ndinaona mbali ina ya nkhaniyi. Mphaka wotsekedwa kapena wothenedwa amafuna mphamvu zochepa koma njala yake imakula, ndipo m'miyezi iwiri imene ankaba m'mbale ya ana ake mimba inayamba kulendewera, makoswe n'kumadutsa iye ali gone. Chakudya cha ana, ngakhale chikhale chabwino chotani, chimanenepetsa wamkulu. Ndinam'bwezera pa thumba la aakulu lija, limene kuyambira pachiyambi linali labwino kwa iye, ndipo mbale ya ana ndinkaiika m'katoni yoboola kabowo kosakwana mutu wake. Chakudya chabwino cha aakulu chimachepetsa mphamvu ndiponso chimasamala michere ina monga maginiziyamu pofuna kupewa timiyala ta m'chikhodzodzo. Pa nkhani imeneyi madzi ndiwo ofunika koposa. Makolo a amphaka athu anachokera kumadera ouma, ndipo sazolowera kumwa kwambiri chifukwa mbewa yokha ndi madzi pafupifupi 70 peresenti, pomwe timibulu tili ndi chinyezi cha pafupifupi 10 peresenti yokha. M'nyengo yozizira ya kuno amamwa mochepa koposa, choncho ndimaika mbale ziwiri za madzi kutali ndi chakudya n'kumasintha m'mawa uliwonse. Mphaka wamwamuna akamakhala nthawi yaitali akuchima koma mkodzo osatuluka, limenelo si vuto logona nalo, afunika dokotala tsiku lomwelo.

Ana awiri anapita, wina kwa mlongo wanga ku Ntcheu, wina kwa mnzanga wosunga mbatata ku Linthipe, aliyense ndi botolo la timibulu ndi kachidutswa ka thumba kamene ndinadula pamene pali mndandanda wa zosakaniza, kuti akafika pa shelefu akhale ndi choyerekezera. Kochepetsetsa kaja kanatsala nafe. Juni wapitayu kanakwanitsa chaka, ndipo nambala yomaliza imene ndinalemba kumapeto kwa kope la ana a sukulu ndi makilogalamu 3.4. Tsopano ndikukasamutsira ku chakudya cha aakulu pang'onopang'ono, kwa sabata imodzi kapena kupitirira apo, ndikuyamba ndi gawo limodzi la chatsopano pa magawo atatu a chakale kuti mimba isadabwe. Lero ndi tsiku lachinayi, ndipo m'mawa uno ndapeza kuti kasankha timibulu tonse tating'ono ta ubwana wake kamodzikamodzi, n'kusiya tatikulu titaunjikana m'mbali mwa mbale, kumene Mawanga wadzatimaliza.